Mwabvi: khungwa lomwe linkaweruza milandu ya mvula ndi mphenzi

Mvula ikadula pakati pa dzinja chimanga chili m'mawondo, kapena mphenzi ikagwera munthu kumunda, funso limene makolo athu ankafunsa linali lakuti wachita zimenezi ndi ndani. Poyamba ankathira nsembe pansi pa mtengo wa msolo kapena kukapempha ku kachisi, koma kumwamba kukapitirira kuuma, mudzi unkayamba kunong'onezana kuti pali wina amene wamanga mvula. Mlandu wotere unalibe mboni, pakuti ufiti suchitika masana, ndipo chifukwa cha ichi chiweruzo chinkasiyidwa m'manja mwa mtengo wa mwabvi.

Akatswiri a zomera amautchula mtengowu kuti Erythrophleum suaveolens. Ndi mtengo waukulu wa m'banja limodzi ndi nyemba, umene umakonda m'mbali mwa mitsinje ndi m'nkhalango zachinyontho, ndipo dzina lake timalimvabe ku Nsanje kumene kuli malo osungira nyama zakutchire a Mwabvi. Munthu wodziwa ntchitoyi, wotchedwa mapondera, ankasenda khungwa, kuliponda mu mtondo, kulisakaniza ndi madzi n'kumwetsa woganiziridwayo anthu akuonerera. Wosanza ankayesedwa wosalakwa ndipo abale ake ankaimba nthungululu, pamene wakufa ankatchedwa mfiti, mtembo wake n'kumanidwa maliro oyenera. Pa milandu yaing'ono ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa mwini wake.

Ife amene timagwira ntchito ya mankhwala tikaliyang'ana khungwa limeneli timapezamo zinthu ziwiri zimene zimapikisana m'thupi. Choyamba ndi poizoni wa mtima, yemwe mwa mitundu yake muli wina wotchedwa cassaine. Mnofu wa mtima uli ndi timapampu tosaoneka ndi maso timene timatulutsa mchere wa sodium ndi kulowetsa wa potassium, ndipo kusinthana kumeneku ndiko kumasunga kugunda kwa mtima pa mlingo wake. Poizoniyu amatseka timapamputi, kotero kuti mtima umayamba kugunda mwamphamvu, kenako mosokonekera, mpaka kuima. Umu ndi momwenso amagwirira ntchito mankhwala a digoxin amene madokotala amapereka kwa odwala mtima, kungoti iwo amapereka pang'ono kwambiri ndiponso moyeza mosamala, chifukwa malire a pakati pa kuchiza ndi kupha ndi opapatiza. Chachiwiri n'chakuti khungwali limanyansa m'mimba ndipo limadzutsa nseru. Munthu akasanza msanga, poizoni wambiri amatuluka asanalowe m'magazi. Akachedwa kusanza, zamadzizo zimatsikira m'matumbo kumene thupi limaziyamwa, ndipo apo imfa imakhala pafupi.

Tsono chimene chinkapulumutsa kapena kupha munthu chinali kuchuluka kwa khungwa, kukhwima kwa mtengo umene lasendedwako, nthawi imene laviikidwa m'madzi, zimene zinali kale m'mimba, komanso mphamvu za mtima wa womwayo. Nkhalamba yofooka ndi njala ya chaka cha chilala inali pa ngozi yoposa mnyamata wa nyonga zake, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti nkhalambazo ndi zimene zinkalozedwa chala kawirikawiri. Zambiri mwa zinthu zimenezi zinali m'manja mwa mapondera. Sindikunena kuti aliyense wa iwo anali wachinyengo, koma munthu amene waponda khungwa kwa zaka zambiri sangalephere kudziwa mlingo wosanzitsa ndi mlingo wopha, ndipo akadziwa kumene mtima wa mfumu wapendekera, dzanja lake silingakhale losalowerera.

Mwambo wofanana ndi uwu unaliponso ku Calabar m'dziko la Nigeria, kumene ankagwiritsa ntchito nyemba yapoizoni, ndipo mu 1864 akatswiri a ku Germany anatulutsa m'nyembayo mankhwala a physostigmine amene pambuyo pake anathandiza pa matenda a maso. Kumeneko ena amafotokoza kuti munthu wodziwa kuti alibe mlandu ankamwa mogugudiza n'kusanza, pamene wamantha ankamwa pang'onopang'ono n'kufa. Maganizowa ndi okopa, komabe mantha si umboni wa ufiti, pakuti amene akuimbidwa mlandu wakupha ndi mphenzi amanjenjemera ngakhale sanalakwe.

Ngakhale mbiri ya Mbona, yemwe a Mang'anja amamulemekeza ku kachisi wa Khulubvi m'boma la Nsanje monga mwini mvula, ili ndi mbali imeneyi. Nthano zimasiyana, koma zambiri zimagwirizana kuti iye ananenedwa kuti ndi mfiti chifukwa cha mphamvu zake pa mvula, anathawira kum'mwera ndipo anaphedwa kumeneko. Zina zimawonjezera kuti anakana kumwa mwabvi pamene analamulidwa kutero.

Boma la atsamunda linaletsa mwabvi ndi lamulo la ufiti la 1911, limene linaletsanso kutchula munthu kuti ndi mfiti. Lamulolo linachotsa mtondo wa mapondera pabwalo, koma funso lija lakuti wachita ndi ndani linatsala. M'zaka za m'ma 1930 kunabuka gulu la mchape limene linayenda m'midzi ya kuno, ku Northern Rhodesia (komwe tsopano ndi ku Zambia) ndi madera ena oyandikana, likumwetsa anthu mankhwala ofiirira amene ankati adzapha aliyense wobwerera ku ufiti. Ndipo mu Januwale 2016, m'boma la Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphenzi, popanda ngakhale khungwa loti lisanzitse mmodzi wa iwo.

Za mphenzi yeniyeniyo, akatswiri a zanyengo amafotokoza kuti ndi mphamvu ya magetsi imene imaunjikana m'mitambo ya mabingu n'kutsikira pansi podzera pa chinthu chotalika chimene chili pafupi. N'chifukwa chake imagwera kawirikawiri munthu amene wausa mvula pansi pa mtengo woima wokha, kapena amene wayimirira pamtetete m'munda khasu lili paphewa.