Wogogoda pakhomo uja sanabwere kudzakuthamangitsani

Anthu ambiri akangolandira makiyi a nyumba ya khonsolo kapena ya housing association, bungwe lobwereketsa nyumba pa lendi yotsika, kuno ku England amaona ngati nkhondo yatha, ndipo sindingawanene, munthu wadikira zaka pamndandanda, lendi ndi yotsikirapo kusiyana ndi ya landilodi wamba, komanso palibe wodzakuuza kuti usamuke ndikufuna kugulitsa nyumba yanga. Koma kulowa m'nyumba ndi kwina, kukhalitsamo ndi kwinanso, nde ntchito yanga ili pa kukhalitsapo. Amatitchula maina osiyanasiyana, kwina tenancy support officer kwina tenancy sustainment, zimatengera bungwe, koma chomwe timachita ndi chimodzi, kuonetsetsa kuti munthu amene wapatsidwa nyumba isamupulumuke chifukwa cha vuto loti likanakonzeka.

Ena amadabwa kuti landilodi angalembe bwanji munthu ntchito yothandiza alendi ake. Musaganize kuti ndi chifundo chokha ayi. Kutulutsa banja m'nyumba kumadya ndalama, za kukhoti, zokonzetsa nyumba, masabata amene nyumbayo ili pululu osalowetsa kanthu, kenako banja lomwelo likakhala ndi ana limakagwera m'manja mwa khonsolo kuti ilipezere pogona pongoyembekezera pomwe ndi podula kwambiri. Nzeru yake ndi yakale, Octavia Hill anayamba mu 1865 ku London kuyang'anira nyumba za anthu osauka ndipo amayi amene ankatolera lendi sabata ndi sabata ankadziwanso zomwe zikuchitika m'banja lililonse. Masiku ano ntchito ziwirizi anazigawa, wotolera lendi ndi wina, ife ndi ena, koma alendi ambiri sakhulupirira zimenezi, akaona baji ya bungwe pakhosi panga amazimitsa TV nkukhala chete ngati mulibe munthu.

Akatsegula, nthawi zambiri ntchito imayambira pa jumbo. Pafupifupi khomo lililonse lomwe lili m'mavuto lili ndi jumbo ya maenivelopu osatsegula, pena pamwamba pa firiji pena kuseri kwa sofa, ndipo mwini wake amaidziwa bwinobwino pomwe ili koma akangoiganiza mtima umagunda. Timakhala pansi nkuyamba kung'amba imodzi imodzi, ndikuunjika milu iwiri patebulo. Mulu woyamba ndi ngongole zoti ukapanda kulipira utaya nazo chinthu chachikulu, lendi, msonkho wa khonsolo uja amati council tax, magetsi ndi gasi. Wachiwiri ndi makirediti khadi, ngongole za m'mashopu ndi zina zotero. Chomwe chimandiwawa nchoti anthu amathamangira kulipira mulu wachiwiriwu chifukwa eni ake ndi amene amaimba foni kwambiri ndi mau oopseza, pomwe wa lendi amangolemba kalata mwaulemu, nde munthu amaona ngati wa lendiyo angadikire. Sangadikire mpaka kale.

Ndipo ngongole ya lendi sikuti nthawi zonse imabwera chifukwa munthu wadya ndalama. Munthu ntchito yatha, wapempha Universal Credit, thandizo la ndalama lochokera ku boma, ndalama yoyamba imabwera patatha pafupifupi masabata 5, lendi nayo siima. Ukatenga adivansi ndi ngongole, azidula pang'onopang'ono mtsogolo. Pali zijanso amati bedroom tax zinayamba mu 2013, ngati uli wa msinkhu wogwira ntchito ndipo boma lawerenga kuti uli ndi chipinda chimodzi chapadera amadula 14% ya lendiyo pa thandizo lomwe umalandira, zikakhala ziwiri 25%. Mwana wamkulu akangosamuka kukayamba moyo wake, mayi amapezeka lendi ikuperewera sabata iliyonse osadziwa kuti chasintha nchani. Apa nde pomwe ife timagwira ntchito yeniyeni, kuwerengera limodzi ngati mukulandira zonse zomwe mukuyenera, kudzaza mafomu opempha khonsolo kuti iwonjezere pa lendi yoperewerayo, kupempha kuti ndalama ya lendi izipita yokha kwa landilodi osadzera mu akaunti yanu, zomwe zimaloledwa makamaka ngongole ikafika miyezi iwiri. Ngongole zikachuluka zedi timakutumizani ku Citizens Advice kapena StepChange, mabungwe opereka uphungu wa za ngongole, ndi zaulere, ndipo iwowo angakulowetseni mu Breathing Space, masiku 60 oti okongozawo asiye kukuvutitsani mukukonza pulani. Lendi ya mwezi uno mumalipirabe koma, sikuti ndi holide.

Ndinene ya ife tomwe pang'ono, poti ndi yovuta kuinena mu ofesi. Pabajeti ya munthu wakwathu pamakhala mzere womwe fomu ilibe, fizi ya mphwake ku Mzuzu, mankhwala a mayi, chopepesa maliro, chipereganyu cha gulu la kutchalitchi. Ine sindiuza munthu kuti asiye kutumiza, ndikudziwa kulemera kwa foni ija ya usiku. Ndimangoti tiilembe ndalamayo poyera tione, chifukwa bajeti yobisa mapaundi 150 pamwezi ndi yabodza, ndipo mgwirizano wolipira ngongole womangidwa pa bajeti yabodza umagwa mwezi wachiwiri, nde landilodi amayamba kukuonani ngati wosakhulupirika.

Kalata ija yoti bungwe likufuna kutenga nyumba imaopsa, koma si tsiku losamuka. Wotulutsa munthu m'nyumba ndi khoti basi, ndipo malandilodi a nyumba zoterezi amayenera kusonyeza jaji kuti anayesa kukambirana nanu kaye. Ambiri amene amapita kukhoti atanyamula pepala losonyeza zomwe amapeza ndi zomwe angakwanitse amabwerako ndi chigamulo choti akhalebe bola azilipira lendi ndi kenakake pamwamba. Kukhoti komweko kumakhala wopereka uphungu wa malamulo waulere tsiku la mlandu. Amene zimawavuta ndi amene sanapite, jaji amagamula ndi zomwe wamva mbali imodzi.

Sizandalama zokha. Nkhungu ya m'makoma musamaitenge ngati dothi loti mungopukuta ndi Jik nkukhala chete kuopa kuoneka ovuta. Mu December 2020 mwana wa zaka 2, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale chifukwa chopuma nkhungu nthawi yaitali m'fulati ya housing association, makolo ake anali atadandaula kangapo koma mlandu ankaukankhira pa kakhalidwe kawo ka m'nyumba. Imfa imeneyi nde inabweretsa lamulo la Awaab, lomwe kuyambira October 2025 likukakamiza malandilodi amenewa kufufuza chinyontho ndi nkhungu yoopsa pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, ndipo zangozi yadzidzidzi ndi maola 24. Jambulani ndi foni, lembani imelo osangoimba, sungani tsiku. Akakunyalanyazani pali Housing Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a alendi, ndipo ine ngakhale ndimalipidwa ndi landilodi ndimawauza alendi zimenezi.

Zina ndi zing'onozing'ono koma ndi zomwe zimagwira munthu, vocha ya ku food bank sabata yovuta, bedi ndi chitofu kwa amene walowa m'nyumba yopanda kanthu, kuperekeza gogo kwa GP, dokotala wa m'dera, kumulumikiza bambo amene sanalankhule ndi munthu masabata angapo ndi kagulu kokumana kumwa tiyi. Za nkhanza za m'banja tili ndi njira zake, kusintha maloko, pena kusamutsa munthu mwachangu.

Za chinsinsi ndisakunamizeni. Zomwe mwandiuza sindikaziulutsa kwa aneba kapena kutchalitchi, koma ndimalemba mufailo ya bungwe, ndipo ndikaona kuti mwana kapena wamkulu wosatha kudziteteza ali pangozi ndiyenera kukanena ku social services, nthambi ya khonsolo yoteteza ana ndi akuluakulu otere, mufune musafune. Ndimanena zimenezi tsiku loyamba lomwelo. Mantha oti akangodziwa kuti tikuvutika atilanda ana ndi ofala kwambiri pakati pathu, koma kusauka kapena ngongole ya lendi pakokha si chifukwa choti akulandeni mwana, chimene amayang'ana ndi ngati mwanayo akuvulazidwa kapena kunyalanyazidwa.

Tsono ambiri mwa inu amene munabwera pa viza ya care worker kapena ya sukulu, pepala lanu linalembedwa no recourse to public funds, kutanthauza kuti nyumba yodzera kukhonsolo ndi Universal Credit simungalandire, ndipo kupempha mosadziwa kungakusokonezereni viza, nde musadzaze fomu chifukwa mnzanu wa pa WhatsApp wati iye zinatheka, mwina pepala lake ndi lina. Koma sikuti zitseko zonse ndi zotseka. Banja lomwe lili ndi ana ndipo latsala pang'ono kugona panja likhoza kupempha thandizo ku social services pansi pa section 17 ya Children Act ya 1989, ndipo limeneli siliwerengedwa ngati public funds. Musanapite kumeneko yambani mwaonana ndi wa uphungu wa za imigireshoni wovomerezeka, mutenge pasipoti, mapepala a viza, masitetimenti a kubanki ndi kalata iliyonse yomwe landilodi wakulemberani.