Nkhongole ya HELSB ndi chaka choyamba pa yunivesiti: mafunso ndi mayankho

Mwana wa ku sekondale ya Chizongwe kapena ya St Monica's akapeza malo pa yunivesiti, chimwemwe cha pakhomo sichichedwa kusanduka nkhani ya ndalama. Nawa mafunso amene makolo ndi ana amafunsa kawirikawiri kuno ku Chipata.

Kodi HELSB ndi basare yakale ija?

Ayi. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, kulowa m'malo mwa komiti ya mabasare (Bursaries Committee, mwachidule BC). Ophunzira akadali kunena kuti "BC yatuluka", koma ndalamazo ndi nkhongole, ndipo wosaina pangano ndi mwanayo.

Angapemphe ndani?

Nzika ya Zambia yokhala ndi NRC (chiphaso cha unzika) yobiriwira, zotsatira za Giredi 12 ndi kalata ya malo ku yunivesiti ya boma monga University of Zambia (UNZA), Copperbelt, Mulungushi, Kwame Nkrumah, Mukuba kapena Chalimbana. Kupeza malo ndi kupatsidwa nkhongole ndi zinthu ziwiri. Bungweli limalengeza nthawi yofunsira, ndipo opempha amachuluka kuposa osankhidwa. Onetsetsani kuti mayina a pa NRC akufanana ndi a pa satifiketi, poti kusiyana kwa chilembo chimodzi kungamuyendetse munthu m'maofesi, anzake atayamba kale kuphunzira.

Nkhongoleyo imalipira zonse?

Osati kwa aliyense. Ena amalipiridwa fizi yonse, ena 75, 50 kapena 25 peresenti, yotsalayo n'kukhala ya banja. Alawansi ya chakudya inachotsedwa mu 2019, inabwezeretsedwa mu 2023. Koma sikuti imalowa tsiku limene mwana watsika basi pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka. Milungu yoyambirira ndiyo yowawitsa, choncho musamutumize chimanjamanja. Kathumba ka ufa, nyemba, nsinjiro, mfutso, kapoto ndi ya m'thumba yokwanira mwezi zimamuteteza kukongola kwa anthu amene sakuwadziwa bwino. Makolo amene amadalira fodya kapena soya achite bwino kupatula ndalamayi nthawi yogulitsa, isanamwazike.

Nanga pogona?

Apa ndi pamene ana ambiri amagwa ulesi. Zipinda za pa UNZA n'zochepa poyerekeza ndi ophunzira, kotero ena amapanikizana m'chipinda cha mnzawo, ena amachita lendi m'mabodingi a ku Kalingalinga, komboni yapafupi ndi UNZA, ndi madera ozungulira. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu wongolonjeza bedi. Wachibale kapena wophunzira wa chaka chachiwiri wochokera kwanu akaone kaye nyumbayo: madzi alipo, chitseko chimakhomeka, nanga mtunda wake mwana wamkazi angayende usiku pochokera ku laibulale? Za zipinda za pasukulu mufunse ku ofesi ya Dean of Students, woyang'anira za umoyo wa ophunzira.

Mwana wanga anali woyamba m'kalasi. Angavutike bwanji?

Amavutika ndithu, ndipo nthawi zambiri si nkhani ya nzeru. Ku sekondale kunali belu ndi aphunzitsi okumbutsa homuweki. Uku mphunzitsi amalankhula kwa gulu lodzaza holo, akamaliza n'kutuluka, osadziwa amene wajomba. Mayeso ang'onoang'ono ndi ntchito zolemba, zimene amati CA, zimawerengeredwa pa zotsatira za kumapeto, ndipo mwana wozolowera kuwerenga mayeso atayandikira amadzidzimuka mochedwa.

Chimathandiza kwambiri ndi anthu: kupezeka pa mlungu wolandira atsopano, kagulu kowerengera limodzi, mpingo, ndi kufunsa akuluakulu a kosi yomweyo mapepala a mayeso akale. Wopita ku Lusaka amapezako Chinyanja, ngakhale cha m'tauni. Wopita ku Kitwe aphunzireko Chibemba cha pamsika ndi m'minibasi, asachite nacho manyazi. Inu makolo, poimba foni musamangofunsa za mamakisi. Funsani ngati akudya, ndiponso amene akuyenda naye. Ulendo wa pakati pa Chipata ndi Lusaka, wa makilomita opitirira 550, sungayendedwe mlungu uliwonse, choncho mawu anu a pafoni ndiwo kwawo.

Kubweza kumayamba liti?

Pamakhala chaka chimodzi chopumira maphunziro akatha, kenako kubweza kumayamba, ndi chiwongoladzanja pamwamba. Wolembedwa ntchito amadulidwa pa malipiro. Mwana awerenge pangano lonse asanasaine, makamaka pamene pakunena za kulephera, kubwereza chaka ndi kusintha kosi, ndipo kope lina lisungidwe kunyumba.