Ichiro Suzuki ndi mamita 27 okafika pa base yoyamba

Ana amene ndimawaphunzitsa masewera akaonera baseball koyamba, maso awo amangodikira home run, mpira womenyedwa mwamphamvu mpaka kudumpha mpanda. Ine ndimawauza kuti ayambe aona kaye Ichiro Suzuki.

Malamulo a baseball mwachidule ali chonchi. Woponya amaponya mpira, womenya amaumenya ndi ndodo n'kuthamangira ku base yoyamba, malo oyamba oima pozungulira bwalo, yomwe ili pamtunda wa mamita 27. Ngati mpirawo sunawakhidwe m'malere, ndipo iye wafika adani asanautole n'kuuponyera pa base ija, wapeza hit. Musaone ngati n'zophweka. Wopeza hit katatu pa maulendo khumi amatengedwa kale kuti ndi katswiri.

Ichiro anabadwa mu 1973 ku Japan ndipo anatchukira ku timu ya Orix BlueWave. Pamene anayamba kusewerera timu ya Seattle Mariners mu 2001 ali ndi zaka 27, ambiri ku America ankakayika. Oponya a ku Japan anali atapambanako kale kumeneko, koma womenya? Komanso munthuyo anali wochepa thupi. Chaka chomwecho anapeza ma hit 242, n'kusankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana komanso wosewera wofunika koposa mu American League, imodzi mwa ligi ziwiri zikuluzikulu za ku America.

Chinsinsi chinali m'miyendo. Iye ankamenyera kumanzere, ndipo womenyera kumanzere amaima mbali yoyandikira base yoyamba. Pamwamba pa apo, ndodo isanamalize kuzungulira, thupi lake linkakhala litayamba kale ulendo. Aphunzitsi ambiri tikaona mwana akuchita zimenezi timamukalipira, chifukwa mphamvu yomenyera imathera m'njira. Koma Ichiro sankafuna mphamvu. Ankangougunda mpira pansi, kuulozetsa pampata wa pakati pa adani awiri, ndipo wotola akangochedwa pang'ono pokha, amapeza mwiniwake wafika kalekale. Osadziwa amati ndi mwayi. Mwayi wake uti wobwera kopitirira 200 pa chaka, zaka khumi zotsatizana?

Mu 2004 anapeza ma hit 262, kuposa 257 a George Sisler omwe anakhala osafikiridwa kuyambira 1920. Mwa 262 amenewa, 225 anali ongomufikitsa pa base yoyamba basi.

Ankamenyera kumanzere koma kuponya ndi dzanja lamanja, ndipo dzanjalo linali loopsa. Mwezi wake woyamba ku America, Terrence Long wa Oakland anayesa kuthamangira ku base yachitatu. Ichiro, ali kutali chakumpanda, anaponya mpira wowongoka ngati chingwe, mpira n'kufika Long asanafike, iye n'kutulutsidwa. Anadzalandira mphoto ya Gold Glove, ya akatswiri owakha ndi kutola mpira, kakhumi. Ndodo zake nazo ankazisunga m'bokosi loteteza ku chinyontho, pomwe anzake ankangoziponya paliponse.

Otsutsa ali ndi mfundo yawo, ndipo sindiikana. Home run anamenya 117 zokha ku America, komanso sankakonda kudikira kuti woponya alakwitse kanayi n'kumupatsa base yaulere.

Atadutsa ku New York Yankees ndi Miami Marlins, anabwerera ku Mariners n'kupumira ku Tokyo mu 2019 ali ndi zaka 45, ma hit 3,089 ku America kuwonjezera pa 1,278 a ku Japan. Mu 2025 anamusankha kulowa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri opambana a baseball. Mwa ovota 394, mmodzi yekha ndiye sanamuvotere.