Mwana wa katumbu ali yekha pagombe sanatayidwe

Amene afika ku Cape Cross ku Namibia mu Disembala amamva chisoni akaona tiana takuda ta akatumbu a m'nyanja, aja otchedwa fur seal, tikulira tokha pamchenga. Ambiri amangoti ndi amasiye, chifukwa amaganiza kuti mayi woyamwitsa sachoka pa mwana wake.

Sizili choncho. Mayiyo amakhala ndi mwana pafupifupi mlungu umodzi atabereka, kenako njala imamutuma kunyanja. Amathako masiku angapo akumira kusaka nsomba monga hake ndi goby, nthawi zinanso squid, nyama yofewa ya m'nyanja ya miyendo yambiri. Akabwera amaitana, mwana n'kuyankha, amamununkhiza kuti atsimikize, ndiye n'kumuyamwitsa tsiku limodzi kapena awiri. Mkakawo ndi wamafuta kwambiri, n'chifukwa chake kamwanako kamapirira kudikira. Chondidabwitsa n'chakuti mabere ake sauma ngakhale achoke masiku onsewo, ndipo mayiyo amayenda ulendo wotere miyezi yambiri.

Choopsa chenicheni ndi kusowa kwa nsomba. Mu 1994 chakudya chitachepa m'nyanja ya kumeneko, amayi ankachedwa kubwerera, ndipo ana ambirimbiri anafa ndi njala.