Kumangitsa mabawuti sikuletsa oilo kuchucha pa valve cover

Pakati pa eni njinga zamoto zakale muno mu Harare pali chikhulupiriro chakuti oilo akayamba kuchucha pa valve cover, chivundikiro cha pamwamba pa injini, mankhwala ake ndi kumangitsa mabawuti ndi kupakapo silikoni wambiri. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amawonongetsa ndalama.

Gasiketi ya labala, yomwe imatseka mpata pakati pa chivundikiro ndi mutu wa injini, imauma chifukwa cha kutentha kwa injini, ndipo ikauma siingatsekenso mpata, ngakhale munthu amange chotani. Pa njinga zambiri za ku Japan mabawuti a chivundikirochi ali ndi malire pamene amaima, choncho mphamvu yowonjezera sifika pa gasiketi, koma imangodya mazinga a aluminiyamu m'mutu wa injini, omwe kukonza kwake kumadula kuposa gasiketi yatsopano. Mabawuti a M6, kutanthauza onenepa mamilimita 6, amangofuna mphamvu yomangira yochepa, pafupifupi 10 Nm (newton-metre).

Silikoni ndiye amadetsa nkhawa kwambiri, chifukwa wotsala amafinyikira mkati, n'kuduka, n'kukatseka tinjira ta oilo topita ku camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu. Mankhwala enieni ndi kusintha gasiketi. Pogula gasiketi, kaya ku Mbare kaya mu Kaguvi Street, gulaninso timalabala ta mabawuti. Injini ikazizira, pukutani bwino mbali zonse ziwiri zimene gasiketi imakhudza, ndipo silikoni mungodontheza pang'ono m'makona okhawo amene buku la njingayo latchula.