Zilembo zamapazi okhuthala zija zinachokera kuti?

Zilembo zonenepa zokhala ndi timapazi (timizere ta kumapeto kwa chilembo) tokhuthala ngati njerwa, zomwe timaziwona pa mapositala olembedwa kuti WANTED m'mafilimu a makaubo, ambiri amaganiza kuti ndi za ku America koma ayi, zinabadwira ku London. Cha m'ma 1815 Vincent Figgins, yemwe ntchito yake inali yosula zilembo zachitsulo zosindikizira, anazitulutsa m'buku lake la zitsanzo n'kuzitcha Antique.

Nthawi imeneyo mafakitale anali atachuluka, katundu ali mbwee wofuna kutsatsidwa, makoma onse atamatidwa mapepala a malonda, a lotale, a zisudzo, ndiye zilembo zoonda zam'mabuku zija sizinkaoneka patali, munthu wothamangira kuntchito sakanaima n'kumazisuzumira. Pankafunika chilembo chokuwa basi. Ena anazitchanso Egyptian ngakhale zinalibe ubale ulionse ndi Egypt, kungoti Napoleon atalowa m'dzikomo mu 1798 anthu ku Ulaya anapenga ndi chilichonse chotchulidwa dzinalo, ogulitsa n'kupezerapo danga.

Nkhani yokoma kwambiri ndi ya Clarendon. Mu 1845 Robert Besley wa ku Fann Street Foundry, fakitale yosula zilembo, anatulutsa mtundu wofewerako, timapazi take tolumikizana ndi thupi la chilembo mokhota pang'ono, osati modula ngodya. Osindikiza anazikonda chifukwa zinkakhala bwino pakati pa mawu wamba zikamatsindika mawu ofunika, ntchito yomwe lero timangodina bold pa kompyuta. Besley anazilembetsa kuboma kuti ena asakopere, koma lamulo linkateteza zaka zitatu zokha, zitangotha aliyense anayamba kusula zake zofanana, mkuluyo n'kumangodandaula. Pomaliza dzina la Clarendon linasanduka la mtundu wonse wa zilembo zoterezi, mwini wake n'kuiwalika.

Ku America ndiye zinakula msinkhu zenizeni. Chilembo chachikulu chachitsulo chinkalemera komanso kudula, choncho Darius Wells wa ku New York anayamba kuzisema pamtengo ndi makina, katalogi yake inatuluka mu 1828, kenako fakitale ya Hamilton ku Two Rivers, Wisconsin, inadzagwira msika wonse. Apa m'pamene panatchuka French Clarendon, yomwe mapazi ake ndi onenepa kuposa thupi, yothinana kuti mawu ataliatali akwane papepala limodzi. Imaoneka yachilendo ndithu koma pa positala ya sekasi inkagwira ntchito.

Zilembo zotchedwa Memphis za mu 1929 ndi Rockwell za mu 1934 zinabwera zowongoka ngati zojambulidwa ndi rula, ndipo Rockwell ambiri muli nayo kale mu Word. Ikani pamutu wa nkhani, pa chikwangwani cha shopu kapena pa tisheti muona mmene imakhalira, koma amene amalembera tsamba lonse la lipoti ndi Rockwell yonenepa amangotipweteketsa maso.