Nkhanu yobwera yokha mu thanki ya madzi amchere, muipha kapena muisiya?

Kuno ku Mulanje ukatchula nkhanu anthu amaganiza zija za pansi pa miyala mu Likhubula kapena mu Ruo. Ine ndikunena zina, za m'nyanja ya mchere, zimene zimalowa mu thanki yowetera makorali (tinyama ta m'nyanja tomera pa miyala ngati zomera) mwiniwake osazigula. Zimabwera zitabisala m'timaenje ta miyala yamoyo ija mumaitanitsa kunja (miyala ya m'nyanja yobwera ndi tizamoyo take), zili zazing'ono ngati njere ya chimanga, ndiye pakapita miyezi mumangoona nkhono zikutha, korali wadyedwa m'mbali, kansomba kogona pansi kasowa.

Musathamangire kupha. Yambani mwaiona bwinobwino, ndipo nkhanu imatuluka usiku, ndiye zimitsani magetsi a thanki, dikirani ola limodzi kapena awiri, mutenge tochi mwaikulunga ndi pepala lapulasitiki lofiira chifukwa kuwala kofiira sikuziopsa kwambiri. Chimene mukufuna kuona ndi zopanira zake zija. Zikakhala kuti kunsonga kwake ndi kophwatalala ngati supuni, imeneyo imapala ndere, monga Mithraculus sculptus yobiriwira ija imene anthu amachita kugula dala kuti idye ndere zamatuza. Ikakhala yopyapyala, ya tinyanga titalitali, miyendo yoyendera ikuoneka itatu mbali iliyonse, ikungokupiza timanja tonga chikupizo m'madzi, imeneyo ndi ya mtundu wa Petrolisthes, imasefa chakudya m'madzi basi, isiyeni. Ndiye pali tina tosalala tokhala mkati mwa nthambi za korali, Trapezia mu korali wa mtundu wa Pocillopora ndi Tetralia mu wa Acropora. Timeneti ndimatikonda kwambiri, timachotsa zinyalala pa korali ndipo timamuteteza ku zomudya, ndiye ndikamva kuti wina wakatola n'kukataya zimandiwawa ndithu.

Yoopsa ndi ya banja la Xanthidae. Thupi lojintcha, nthawi zambiri laubweya, zopanira zikuluzikulu zosongoka ndipo kunsonga kwake kwakuda. Ili yaing'ono imaoneka yofatsa koma ikamakula imadya chilichonse chomwe yagwira. Imeneyo ichoke msanga, ndipo musayerekeze kuidya, mitundu ina ya m'banja limeneli ili ndi poizoni amene satha ngakhale mutaiphika.

Kuigwira kwake sikofuna ndalama. Tengani tambula yagalasi, ikanimo kachidutswa ka usipa wauwisi, muitsamiritse pa mwala pafupi ndi dzenje lake kukamwa kuli m'mwamba mopendeka pang'ono. Imatsika kufuna nyambo ija koma potuluka imaterereka pa galasi. M'mawa chotsani usipayo ngakhale musanagwire kanthu chifukwa akaola amaononga madzi, madzulo muikenso wina, nthawi zina zimatenga masiku angapo. Ikakana, tulutsani mwala wonsewo ngati ulibe korali, thirani madzi a soda akumwa aja otulutsa thovu (soda water) m'dzenjemo, imatuluka yokha, kenako tsukani mwalawo ndi madzi amchere musanaubwezere.

Mukapeza chigoba cha nkhanu pa mchenga musati yafa, kawirikawiri yangofundula, ndiye kuti yakula ndipo ili momwemo. Yogwidwayo ngati muli ndi sampu (thanki ina yosefera madzi) kunsi kwa thanki iponyeni mmenemo muziipatsa chakudya pang'ono, mumtsinje ayi, madzi athu opanda mcherewa singakhalemo.